Pilira Aime Mvula Isanagwe

Mphunzi, Dedza
7 Meyi 2023

Mwana wanga Esitere,

Moni wochokera kwa ine bambo wako Gervazio. Kaya wadzuka bwanji ku Lilongweko, ndi ntchito yako yokolopa m'chipatala ija. Kuno tadzuka, kungoti kuzizira kwayamba kale, Meyi yemweyu.

Cholembera agwira a Anselmo, akatekisiti athu, koma mawu ndi anga. Ndawauza kuti asachotsepo kanthu ndipo asathire shuga. Ukaona pakhota, dziwa kuti ndi dzanja lawo, ine ndanena zowongoka. Za foni usandivutitsenso. Munthu wamkulu ndikwere pachulu, ndizikuwa nkhani za m'nyumba mwanga mudzi wonse ukumva, kenako mawu adukire pakati? Kalata imakhala. A Hellen, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere pa Chimbiya aja, amabwera kwanuko Lachisanu lililonse ndi matumba awo. Iwowo ndiwo azitinyamulira makalata.

Papita miyezi itatu chiikire amayi ako a Monika m'manda. Pamaliro unandifunsa kuti mwana wako Pilira atani tsopano. Sindinayankhe chifukwa panali anthu. Ndikuyankha lero: Pilira satani ayi. Ali momwe wakhalira zaka makumi awiri ndi ziwiri, m'nyumba mwanga. Zomwe ankachita agogo ake aakazi ndikuchita ndine. M'mawa ndimamunyamula pamphasa n'kumuika pakhonde pomwe pamayambira dzuwa. Phala ndimamudyetsa ndi supuni. Kuchimbudzi ndimamubereka mpaka pakhomo. Kusamba kokha ndiko amabwera alamu anga a kuseri kuno. Ine ndinacheka matabwa m'phiri la Dedza zaka makumi atatu, thabwa la paini ndinkatsika nalo pamutu mpaka kumsewu. Mtsikana wa miyendo yowonda ngati imeneyi angandilemere ine?

Chimodzi chokha chandikwiyitsa. Tsiku lina pochokera kudimba ndinamupeza pabwalo. Anali atakwawa kuchoka pakhonde, akusankha mbatata zomwe ndinayanika, zowola uku, zabwino uku, ndi dzanja lake lamanzere lija. Anthu akudutsa panjira akumuona ali fumbi lokhalokha. Ndinamuuza kuti mdzukulu wa Gervazio sakwawa pamaso pa anthu. Paja ukudziwa kuti mawu ake amatuluka mochedwa, ndipo wowamva onse ndine ndekha. Anati, "Agogo, mukanagulitsa zowola." Mwano wa amayi ake.

Undiuze za kumeneko. Chifuwa chija chinatha?

Ndine bambo wako,
Gervazio


Mtandire, Lilongwe
19 Meyi 2023

Okondedwa Abambo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza a Anselmo chifukwa cha dzanja lawo. Chifuwa chinatha. Ndili bwino, kungoti ndimalowa ntchito dzuwa lisanatuluke n'kuweruka litalowa.

Abambo, zaka zanu zatsala pang'ono kukwana makumi asanu ndi atatu. A Hellen andiuza kuti masiku ano mukuyenda mutagwira m'chiuno. Zimenezo simunalembe.

Kuchipatala kuno kumabwera amayi ena a mafizo, aja othandiza odwala kulimbitsa ziwalo. Ndinawafotokozera za Pilira: kuti anabadwa movutikira, anachedwa kulira, ubongo n'kuvulala, n'chifukwa chake miyendo, dzanja lamanja ndi lilime sizimumvera, ngakhale nzeru zake zili bwinobwino. Anandifunsa kuti amatha kuchita chiyani yekha. Mwana wanga yemwe, ine osadziwa. Anati tamuchedwetsa ndife ndi chifundo chathuchi, ndipo chofunika tsopano n'chakuti Pilira ayambe kudziimira payekha.

Ndiye ndinene zomwe zili mumtima mwanga, mundikhululukire. Mvula ikadzafika iye asanayambe kudziimira payekha, ndidzabwera kudzamutenga. Sindikufuna kutero. Chipinda changa n'chimodzi, ndipo popita kuntchito ndiyenera kumamutsekera mkati tsiku lonse, chifukwa kuno mtsikana wosatha kuthawa sungamusiye chitseko chili pululu. Koma bola zimenezo kusiyana n'kudzamva kuti mwaterereka naye pamatope popita kuchimbudzi, nonse awiri muli gone, wokudzutsani palibe.

Amayi a mafizowo andithandizanso kupeza chikuku, mpando wa matayala uja. Chikangofika ndidzatumiza.

Mumupatse moni Pilira. Mumuuze kuti za mbatata zowolazo ndaseka ndekha m'chipinda.

Mwana wanu,
Esitere


Mphunzi
4 Juni 2023

Esitere,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo. Tili moyo.

A Anselmo andiwerengera kalata yako kawiri. Ndiye wandiikira malire ngati munda? Mwanayu unamusiya kuno ali ndi zaka zitatu, bambo ake atalowera ku Joni osabweranso, iwe n'kupita kukasaka ntchito. Sindikukunena, unachita bwino. Koma lero amayi amene sanamuonepo ndi maso, osadziwa n'komwe kuti Mphunzi ili mbali iti, angonena mawu amodzi, iwe n'kuti ndidzamutenga? Ukamutsekere ngati nkhuku yoikira? Kuno amaona phiri, amamva belu la kutchalitchi, amakalipira mbuzi.

Komabe ndamva. Mwati aime payekha mvula isanagwe. Aima.

A Anselmo akulimbana nane pano kuti mawuwo sakunena za miyendo, akuti kudziimira payekha ndi kwina. Ndawafunsa kuti amayi amene ananena mawuwo ntchito yawo ndi yotani? Akuti ndi yowongola ziwalo. Nanga wowongola miyendo akati munthu aime, akunena makutu? Chichewa ine sindinakachione pabolodi, ndinayamwa. Lembani zimenezo, a Katekisiti, musandiyang'ane.

Lachiwiri ndinadula bulugamu. Ndazika mphanda zinayi kuseri kwa nyumba, komwe anthu saona, n'kugoneka mitengo iwiri pamwamba, msinkhu wa m'khwapa mwake. Ndasenda makungwa, ndapala bwinobwino kuti pasakhale chobaya. M'mawa uliwonse ndimamuimika pakati, mikono pamwamba pa mitengo, ine kumbuyo nditamugwira m'chiuno, kenako ndimachotsa manja pang'onopang'ono. Tsiku loyamba anagwa ndisanachotse n'komwe. Miyendo imapingasana ngati sizasi. Koma thabwa lopindika ndimadziwa mawongoledwe ake. Umalitsendereza masiku ambiri, limamva.

Chikuku chakocho usatumize. Munthu amene tikufuna kuti aime sitimupatsa mpando. Ukatumiza sindikachitenga.

Za m'chiuno mwangamo, a Hellen azisamala mbatata zawo.

Gervazio

Mayi Esitere, pansi pano ndine Anselmo, ndawonjezera iwo atapita kukamanga mbuzi. Chonde fotokozani msanga chomwe munkatanthauza. Ine andikanira kutalitali. Mwina inu akumverani.


Mtandire
9 Juni 2023

Abambo,

Moni kwa inu ndi Pilira. Kalata yanu ndawerenga nditakhala pachidebe chokolopera, ndipo ndalira. Zulani mitengoyo lero lomwe. Pilira sadzaima ndi miyendo. Amayi a mafizo anandiuza mosabisa, ndipo anati kumukakamiza kungamuvulaze.

Kudziimira payekha komwe ankanena ndi uku. Azidya yekha, ngakhale theka litayikire pansi. Supuni muikulunge ndi mphira wa chubu cha njinga kuti pogwira pakule. Azivala yekha zomwe angathe. Kuchimbudzi mumukhomere kampando kobowola pakati ndi mtengo wogwirira, inu ndinu mmisiri. Akafuna kukwawa mulekeni akwawe, mungomusokera zotchinga mawondo. Ndipo anthu akamufunsa kanthu aziyankha yekha, inu osamuyankhira. Akamachita zimenezi sindimutenga, ngakhale asaime ndi tsiku limodzi lomwe.

Wolakwa ndine. Ndinalemba mwachidule ngati ndikucheza ndi anzanga a kuntchito. Sindinafune kukunyozani, Abambo. Palibe amene wachita zomwe mwachita inu ndi malemu amayi.

Chikuku ndatumiza ndithu, mundikhululukire. Chikhala kwa a Hellen pa Chimbiya. Kalatayi ndaiika m'thumba la kumbuyo kwa chikukucho kuti isadetsedwe ndi matumba a mbatata, ndipo ndawauza a Hellen kuti akutumizireni uthenga. Mukapeze ngolo mukachitenge.

Mwana wanu,
Esitere


Mphunzi
16 Julayi 2023

Esitere,

Moni. Kuno chisanu chikuyera paudzu m'mawa, zala sizikugwira khasu.

Masabata asanu ndi limodzi osayankha. Ndamva. Kukhala chete kwakoko ndiye yankho: ine ndinamva bwino, anaphonya ndi a Anselmo. Ukanakhala kuti unkanena zina ukanalemba. Iwonso tsopano asiya kulimbana nane, akungolemba.

Mwezi wathawu munthu wa ngolo anabwera ndi uthenga kuti chikuku chafika pa Chimbiya. Ndinamuuza kuti chikhale komweko, azikhalapo ogula mbatata.

Tikupitiriza. Wotchi ndilibe, ndiye ndimayesa ndi pemphero. Ndikachotsa manja ndimayamba Tikuoneni Maria. Sabata yoyamba ankagwa ndili pa mawu achiwiri. Kumapeto kwa Juni anafika theka. Lachinayi lapitali ndinamaliza lonse mpaka Amen iye ali chilili. Ndinene zoona, popeza ndi pemphero: sanaime ndi miyendo, anapachikika ndi m'khwapa. Koma ndi poyambira.

M'khwapamo mwatuluka zilonda. Ndakulunga mitengo ndi chitenje chakale cha amayi ako. Mawondo atupa chifukwa chogwa. Tikamaliza, miyendo imauma gwa ngati nkhuni mpaka masana, amalephera ngakhale kukhala bwino pakhonde. Alamu anga anaona zilondazo pomusambitsa, anabwera kudzandilalatira pakhomo panga. Ndinawafunsa kuti akatengedwa mwanayu, mukamutsegulira chitseko ku Mtandire ndinu? Anapita.

Pilira ndamuuza zonse, kuti akapanda kuima amayi ake amutenga. Poyamba ankalimbikira, mpaka thukuta m'chisanu muno. Koma sabata yatha, ndikumunyamula kupita ku mitengoko, anandigwira kolala n'kunena kuti, "Agogo, ine si thabwa." Kuyambira tsiku limenelo sakundilankhula. Ndikamudyetsa amatsegula pakamwa, maso ali kuphiri.

Ndatopa, Esitere. Zimenezi lembani pang'ono, a Katekisiti, zisaoneke kwambiri. Kudimba sindinapite masiku khumi. Koma yatsala miyezi inayi kuti mvula igwe, ndipo ine sindinasiyepo mtengo nditaucheka theka.

Ngati uli moyo, yankha.

Bambo wako,
Gervazio


Mphunzi
27 Ogasiti 2023

Mwana wanga,

Moni ndikukupatsa nditagona chagada. A Anselmo akhala pampando pafupi ndi mphasa yanga, akuti sakundimva bwino, ndiye ndinena pang'onopang'ono.

Pa 5 mwezi uno ndinagwa. Ndinkamutsitsa pa mitengo paja, msana unangoti thyo, miyendo n'kuchoka. Tinagwera limodzi, ine pansi iye pamwamba. Iye sanavulale. Ine sindinathe kudzuka. Ndinakuwa, koma anthu onse anali kumaliro kutsidya. Pilira anandiyang'ana, kenako anayamba kukwawa. Ndinati bwerera, iwe, anthu akuona. Sanacheuke. Anazungulira nyumba, anadutsa pabwalo, anafika panjira yaikulu n'kukhala pakati penipeni mpaka panadutsa anthu a njinga. Akuti sankamumva chomwe ankanena, ndiye anagwira mwendo wa buluku la mmodzi osausiya mpaka anamutsatira.

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, koma ndisadzanyamulenso chinthu choposa ndowa yamadzi. Ndagona masabata atatu. Alamu anga amabweretsa chakudya m'mawa ndi madzulo, koma ali ndi kwawo, sangakhale pano. Masana onse timakhala awiri.

Ndiye ndikuuze zomwe ndaona nditagona. Amadya yekha. Amathira m'khosi ndi pamalaya, nkhuku zimamuzungulira kudikira zakugwa, koma mbale imatha. Kuchimbudzi amakwawa yekha, amatenga nthawi yoti munthu n'kukafika kutchalitchi, koma amapita n'kubwera. Juzi amavala yekha, amayamba ndi dzanja lovuta lija. Ndinamufunsa kuti unaphunzira liti? Anati, "Kale. Agogo aakazi akapita kumtsinje." Zaka zonsezi ankatibisira, kuopa kutikhumudwitsa.

Madzi amandibweretsera m'kachigubu, amakakankha patsogolo, iye n'kutsatira. Ndipo pali china, lembani ndithu a Katekisiti, manyazi anatha. Chitini chomwe ndimakodzeramo amakataya ndi iyeyo. Tsiku loyamba ndinakana, ndinati dikira alamu. Anati, "Zaka zingati inu mukundisamala?" Ndinatembenukira kukhoma.

Koma kuima sanaime, ndipo wom'imika palibenso. Ndagonja. Usadikire mvula. Bwera udzamutenge monga unanenera. Ndikupempha chimodzi chokha: upeze chipinda cha windo, aziona kunja.

Gervazio


Mtandire
1 Seputembala 2023

Abambo anga,

Makalata anu awiri, ya Julayi ndi ya Ogasiti, afika limodzi lero. A Hellen anali ku Ntcheu miyezi iwiri kudwazika mwana wawo, ndipo ya Julayi inangokhala pa benchi yawo. Ine kuno ndinkayesa kuti mwakwiya ndi zomwe ndinalemba, ndinati ndikusiyeni mtima utsike.

Abambo, ndinayankha. Ndinayankha pa 9 Juni. Kalatayo ili m'thumba la kumbuyo kwa chikuku chomwe munakana kukatenga. Munthu wa ngolo ananena za chikuku, za kalata anaiwala. A Anselmo ankanena zoona. Miyezi itatu ya zilonda, ndi msana wanu, chifukwa cha pepala lomwe lili pa Chimbiya pomwepo. Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Ndayamba ndi ine mwini.

A Hellen achita manyazi kwambiri, akuti abweretsa okha chikukucho Lamlungu. A Anselmo akuwerengereni kalatayo Pilira ali pomwepo.

Zomwe mwalemba kuti akuchita ndi zomwe ndinkapempha. Sindikubwera kudzamutenga. Koma ndaona kuti inu mwalemba, ine ndalemba, tagawana munthu ngati mbuzi ya chikwati, mwini wake osamufunsa. Kalata yotsatira ikhale yake. A Anselmo alembe zomwe anene iye, inu mukakhale pansi pa mtengo.

Mwana wanu,
Esitere


Mphunzi
17 Seputembala 2023

Amayi,

Ndine Pilira. Muli bwanji? Ine ndili bwino. Zilonda zapola.

Agogo ali pansi pa mpichesi. Akutsokomola dala kuti tidziwe kuti alipo.

Kalata ya m'chikuku tinamva. Agogo anati a Anselmo awerenga molakwa. Anawerenganso. Kenako agogo anati mwalemba mochedwa.

Chikuku ndi chabwino. Ndimayendetsa ndi dzanja lamanzere ndi phazi. Chimakhota, koma ndimafika. Pano pamudzi miyala yachuluka, chimangoyenda pabwalo.

Mwandifunsa chomwe ndikufuna. Ku Mtandire ayi. Koma pakhonde panonso ayi. Ndakhalapo zaka zonse. Phiri ndalidziwa.

A Hellen atabwera anandipeza ndikusankha mbewu ya mbatata. Anakhala pansi n'kumandiyang'ana. Anandipatsa thumba lawo kuti ndiyese. Ndinapezamo zowola zisanu ndi ziwiri zomwe iwo sanaone. Akuti maso awo atha, ndipo Lachisanu akabwera kwanuko benchi imakhala yopanda munthu. Akufuna ndizikhala nawo pa Chimbiya, ndizisankha ndi kugulitsa. Nyumba yawo ili kuseri kwa mabenchi, ndi pansi posalala. Ndizigona ndi iwo chipinda chimodzi. Loweruka madzulo ndizibwera kuno pa ngolo, Lolemba kubwerera.

Ndikufuna kupita. Ndikuopa, koma ndikufuna.

Agogo akuti ogula sazindimva. Ndawauza kuti mbatata azidzaona ndi maso. Akuti nanga iwo atsala ndi ndani. Msana wawo sunachire bwino. Alamu awo avomera kumawaphikira. Koma ndikadikira kuti achire, adzayambanso kundinyamula.

Musawakalipire. Ankaopa. Inenso ndikanakhala iwo mwina ndikanadula bulugamu.

Mundigulire chipewa cha dzuwa.

Mwana wanu,
Pilira

Ndine Anselmo. Kalatayi tayamba titatuluka m'tchalitchi, tamaliza mthunzi utafika pankhokwe. Mawu ena ndamufunsa kanayi. Sanatope nane. Palibe lomwe ndaikapo langa.


Mphunzi
19 Novembala 2023

Mwana wanga Esitere,

Moni. Kaya uli bwanji. Kuno mvula inagwa Lachitatu, yambiri ndithu, nthaka yalowa. Ndikuyenda ndi ndodo.

Sindinalembe pafupifupi miyezi itatu chifukwa ndinalibe chonena. A Anselmo akuti ndinene kuti ndinalakwa. Ndawauza kuti mawu amodzi asamakhale ndi matanthauzo awiri, wolakwa ndi amene anawapanga. Akuseka. Alekeni aseke, mano awo ndi atatu.

Pilira anapita pa 2 Okutobala. Ndisanamulole ndinatuma ngolo kuti inditengere ku Chimbiya ndi matabwa anga. Ndinakhoma kampando ka kuchimbudzi kwa a Hellen ndi mtengo wogwirira, ndinakulitsa chitseko, ndinadula miyendo ya benchi kuti azifikira ali m'chikuku. Ndinagwira nditakhala pansi, masiku awiri, ntchito yomwe kale inali ya m'mawa umodzi. Koma akhoma bwino ndani kuposa ine pa Chimbiya ponse?

Sabata yatha ndinapitanso, osamuuza. Ndinaima kuseri kwa minibasi. Anali atavala chipewa chako chija. Panabwera bambo wina wa galimoto, wa taye, kufunsa mtengo wa ndowa. Pilira ananena, bamboyo sanamve. Ananenanso, sanamve, anayamba kuyang'ana uku ndi uku kufuna munthu wina woti alankhule naye. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinaluma ndodo. Kachitatu Pilira anamenya ndowa ndi dzanja, bamboyo n'kumuyang'ana kumaso, ndipo anamva. Anagula ziwiri. Amayi a benchi yoyandikana anakuwa kuti, "Apilira, mwatilanda kasitomala!" Iye anaseka mpaka chipewa kugwa. Ndinakwera ngolo n'kubwerera asanandione.

Si zonse zili bwino. Anagwa kamodzi posamba, chipumi chinatupa. Ana ena amamuyeserera malankhulidwe. Masiku ena amabwera Loweruka atatopa moti amagona asanadye. Ndikamufunsa ngati akufuna kubwerera, amandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Nyumba ino yakula. Ndimadzuka m'mawa, manja osadziwa chogwira. Mawa ndiyamba kubzala, mizere yochepa chabe ya pafupi ndi nyumba, kumtunda ndawapatsa alamu.

Pa Khirisimasi ukabwera, utsikire pa Chimbiya, ndiko kuli mwana wako. Kuno ubwere pambuyo, kuli nkhalamba yokha.

Loweruka likudzali Pilira akuti sabwera, kwachuluka magalimoto a kumapeto kwa mwezi. Sanandipemphe. Anangondiuza.

Ndine bambo wako,
Gervazio